Fainess ndi Aphunzitsi Ake Osagwirizana

Anthu a m'midzi ya ku Nkhulambe akaona mayi wamfupi akupalasa njinga, pakaliyala atamangirira thumba lolira zitsulo, amadziwa kuti penapake mjigo wafa. Mayiyo ndi Fainess, ngakhale ambiri amangoti make Madalo. Ntchito yokonza mijigo sanachite kuifuna. Inamupeza kudzera m'dzina la mwamuna wake.

Komiti ya mjigo wa m'mudzi mwawo inasankha Dyson, mwamuna wakeyo, kuti akaphunzire ntchitoyi poti ankatha kumata matayala a njinga ndipo anali ndi masipanala akeake. Koma pamene uthenga unkabwera woti maphunziro ayamba, Dyson anali atapita kale ku nyanja ya Chilwa kukagwira ganyu kwa asodzi. Fainess anapita kutchalitchi kumene kunkachitikira maphunzirowo kuti akangopepesa basi. Anakhala kumbuyo kudikira mpata wolankhula. Mpata usanapezeke anamupatsa cholembera, kenako chakumwa ndi banzi. Ataitana dzina la Dyson, iye anakweza dzanja kuti afotokoze, koma mphunzitsiyo anangomwetulira n'kuuza anthu kuti mudzi umenewu wachita bwino kutumiza mzimayi. Anthu anaomba m'manja. Banzi anali atadya kale, ndiye anaona kuti n'zamanyazi kutuluka.

Mphunzitsiyo anali mayi Rozaria, mlangizi wa za madzi wochokera ku bungwe lina. Ankavala ovolosi ndi majombo, ndipo ankalankhula mothamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi. Fainess, amene sukulu analekeza ali kupulayimale, ankamva theka la zonena zawo. Zimene anazigwira bwino zinali za manja. Musanamasule chilichonse yalani saka yoyera pansi. Chitsulo chilichonse chimene mwachotsa muchiike pasakapo motsatana, kuti pobwezera musasokoneze. Mjigo muziutsegula pakapita miyezi ingapo ngakhale ukutulutsa madzi bwinobwino. Chinthu chikatha, gulani chatsopano, osapanga zanuzanu. Mayi Rozaria ankabwereza mawu omalizawa akugogoda tebulo ndi sipanala.

Pomaliza maphunziro, aliyense anamupereka kwa mmisiri wakale wa m'dera lake kuti aziyenda naye. Fainess anagwera kwa a Sitima.

A Sitima anali bambo wachikulire, woonda, wa manja ngati mizu ya chinangwa. Ali mnyamata ankakumba zitsime ndi khasu, kuno ndi ku Mozambique komwe, ndipo mijigo itabwera anaiphunzira pongoyang'ana azungu ndi amisiri a boma. Ankalankhula Chichewa mpaka pakati pa chiganizo, n'kumaliza m'Chilomwe. Tsiku loyamba kuyenda nawo, Fainess atafika pamjigo anayala saka yake yoyera monga anaphunzirira. A Sitima anathokoza, n'kukhalapo.

Atapuma, anauza mayi wina kuti ayambe kupopa. Iwo anagunditsa khutu pamutu pa mjigo, maso atatseka. Kenako anakodola Fainess kuti nayenso amvetsere. Iye anaika khutu pachitsulopo. Anamva kulira kwa chitsulo, madzi kukhuthukira m'ndowa, ndi mtima wake womwe.

"Wamva chiyani, make Madalo?"

Fainess anaganiza zonama, koma analibe bodza loti anene. Anavomera kuti sanamve chilichonse.

"Ndiye wamva bwino. Uwu ulibe vuto. Tiye."

Anayenda ulendo wonse wobwerera akudzimva kuti wakhoza. Patapita masiku anafika pamjigo wina, anaikanso khutu, anayankhanso kuti sanamve chilichonse, ndipo a Sitima anamukalipira kuti makutu ake ndi okongoletsa mutu chabe, mphira ya mkati yatha ndipo ikulira moti ngakhale mwana angaimve. Kwa Fainess mijigo iwiriyo inkamveka chimodzimodzi.

Atawauza zoti mjigo uzitsegulidwa ngakhale uli bwino, a Sitima anamufunsa ngati iye anaonapo munthu akung'amba mbuzi pamimba, ikudya msipu bwinobwino, kuti aone ngati ili ndi thanzi. Atawauza zogula mphira yatsopano, iwo anatulutsa mpeni ndi chidutswa cha tayala lagalimoto, n'kusema mphira yawoyawo ali chikhalire pasaka ija. Anaiika mkati ndipo madzi anatuluka. Fainess anaphunzira kusema nayenso, zala zikuchekeka, mpaka a Sitima anasiya kumulanda mpeni.

Ndiye kunabwera mayi Rozaria panjinga yamoto kudzayendera ophunzira awo. Anatsegula mjigo umodzi, anapeza mphira ya tayala, anaikweza m'mwamba ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Ananena kuti zinthu zoterezi zimadya mkati mwa silinda, chitsulo chimene mphirayo imayendamo, ndipo tsiku lina mudzi udzalira. Anamutuma Fainess kuti kuyambira tsiku limenelo azikatenga zipangizo kusitolo ya a Bashiri pamsika. Asananyamuke, Fainess anawafunsa mwaulemu kuti nanga a Sitima aziwamvera kapena ayi. Mayi Rozaria anati a Sitima amadziwa zambiri zimene sizili m'buku lililonse, aziwamvera kwambiri, koma asatengere zonse. Fainess anafuna kufunsa kuti zoti atengere ndi ziti, koma njinga inali italira kale.

A Bashiri ankagulitsa zipangizo za njinga, mabeseni, zingwe, ndipo kuseri kwa kauntala ankasunga za mijigo. Kale nawonso ankakonza, msana usanayambe kuwavuta. Fainess ankayembekezera kuti amufunsa za mphira ndi mapaipi. Iwo anamupatsa mpando n'kuyamba kufunsa zina: nyumba yoyandikira mjigowo ndi ya ndani, kiyi amasunga ndani, wapampando wa komiti ndi msungichuma amapatsana moni kapena ayi. Ananena kuti pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi sanaonepo mjigo wophedwa ndi chitsulo, yonse inaphedwa ndi anthu. Anamulangiza kuti asadzayerekeze kumasula ngakhale bawuti imodzi ali yekha. Aziitana komiti yonse, aziwaonetsa chimene chatha, ndipo chothacho azichisiya m'manja mwawo, chifukwa mawa adzati mayi uja anaba chabwino n'kuika chakutha.

Fainess anaona kuti mawuwa ndi anzeru. Ulendo wotsatira anafika msanga pamjigo, n'kusonkhanitsa komiti ndi ena ongodutsa. A Sitima atafika n'kuona chigulu, anafunsa ngati pali maliro. Anathamangitsa onse ndi chipewa. Anati pamene pali anthu ambiri pamakhala pakamwa pambiri, ndipo dzenje likakhala lotsegula pamapezeka wina wogwetseramo mwala kuti amve kuya kwake.

Choncho kwa nthawi yaitali Fainess ankagwira ntchito ngati mkazi wa mitala yotembenuka, amuna atatu nyumba imodzi. Akamayenda ndi a Sitima, saka ankaisiya m'thumba. Akamva kuti mayi Rozaria akubwera, ankabisa zidutswa za tayala kudenga. Akapita kwa a Bashiri, ankafotokoza za misonkhano ya komiti imene sinachitike. Vuto linkakula akatsala yekha. Nthawi zina ankaima pamjigo sipanala ili m'manja, osadziwa ngati ayambe ndi kumvetsera, kuyala saka kapena kuitana anthu, mpaka azimayi odikira madzi ankamufunsa ngati akupemphera. Dyson atabwerako kunyanja anaseka kwambiri atamva kuti dzina lake linaphunzira ntchito iye kulibe. Sanalimbane nazo. Anangomuuza mkazi wakeyo kuti asankhe mphunzitsi mmodzi, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Fainess anayesa kusankha. Akasankha mmodzi m'mawa, pofika madzulo mjigo womwewo unkamuonetsa kuti winayo ndiye ananena zoona.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa osalekeza, ndipo madzi anatsika m'phiri atanyamula miyala, mchenga ndi mitengo. Khoma limodzi la nyumba ya Fainess linagwa, chimanga chinapita, ndipo iye, Dyson ndi ana anathawira kusukulu ina imene inali pamalo okwera. Kumeneko anapeza anthu a midzi ingapo atadzaza m'makalasi. Anapezanso a Sitima atagona pamphasa pakona, mwendo utatupa chifukwa chipika chinawamenya pothawa. Misewu inali itaduka. Mijigo yambiri inali itakwiririka, ndipo anthu onsewo ankadalira umodzi wa pasukulupo.

Mjigowo unkapopedwa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo sunachedwe kufooka. Munthu ankapopa mpaka thukuta, madzi n'kumangotuluka ngati mkodzo wa mwana. Azimayi ena anayamba kukatunga kumtsinje kumene kunkayandama ziweto zakufa. Maso a anthu anatembenukira kwa Fainess.

Iye anayala saka, chifukwa pansi panali matope okhaokha. Mothandizidwa ndi Dyson anazula ndodo zachitsulo zija zimene zimakolekana kutsika m'dzenje, napeza mphira itadyedwa ndi mchenga. Anali nayo imodzi ya kwa a Bashiri m'thumba, anaiika. Atabwezera zonse, madzi anali akadali ochepa. Apo anapempha amuna awiri kuti akawatenge a Sitima panjinga. Mkuluyo anaika khutu pachitsulo atatsamira phewa la Dyson, n'kunena kuti paipi yang'ambika chakumunsi. Fainess sanakhulupirire msanga, ndiye anachita zimene mayi Rozaria anaphunzitsa: anadzaza paipiyo ndi madzi n'kumayang'ana. Madziwo anatsika okha pang'onopang'ono mpaka kusaoneka. Kanali koyamba kuti aphunzitsi ake awiri anene chinthu chimodzi, ndipo m'malo mosangalala anachita mantha, chifukwa paipi anali asanaizulepo yekha.

Paipi yong'ambika amaidula n'kuilumikiza ndi soketi, kachidutswa kogula kamene kamavala mbali zonse ziwiri. Anatumiza uthenga kumsika. Tsiku lotsatira a Bashiri anafika okha wapansi, buluku litanyowa mpaka m'chiuno powoloka mtsinje, atanyamula kachitini ka guluu kotsala theka. Masoketi analibe, madzi anali atalowa m'sitolo n'kukokolola zonse za pansi. A Sitima anati zimenezo si nkhani. Paipi ndi pulasitiki, ukaiwotcha kumapeto imafewa, umalowetsamo inzake, ikazizira yasanduka soketi yokha. Fainess anakumbukira kuti m'tchalitchi muja nkhani yowotcha mapaipi inatchulidwapo, koma sankakumbukanso ngati inatchulidwa poyamikira kapena poletsa.

Anabwereka foni imene inali idakali ndi moto pang'ono, nakwera pachulu kuseri kwa sukulu kumene netiweki inkagwirako. Mayi Rozaria anayankha, mawu awo akumveka ngati ali pansi pa madzi. Fainess anafotokoza zonse mofulumira. Yankho linabwera lodukaduka.

"...wotche paipiyo, a Fainess. Mwamva? Ndikuti mu..."

Foni inazima. Anatsika pachulupo akubwereza mawuwo m'mutu. Muwotche. Musawotche. Onse awiri ankakwana bwinobwino pamene panadukapo.

A Bashiri anamukokera pambali n'kumuuza kuti asanagwire paipiyo asonkhanitse atsogoleri a pamsasapo, awauze poyera kuti ntchitoyi ikhoza kulephereka ndipo mjigo ukhoza kufa kotheratu. Akapanda kutero, zikavuta adzati mzimayi anapha mjigo wa sukulu, ndipo dzinalo silidzamuchoka. A Sitima atamva anati zimenezo n'zopusa, munthu wamantha sagwira bwino paipi, anthu angouzidwa pogwira basi. Fainess anayang'ana mkulu uyu, anayang'ana uyo. Anapita kukaitana atsogoleriwo, osati chifukwa chakuti anali atasankha, koma chifukwa paipi yonseyo sakanaizula popanda anthu ambiri. Atawafotokozera, bambo wina anati bola kudikira a boma. Mayi wina, Aliness, amene mwana wake anali atayamba kutsegula m'mimba, anafunsa bamboyo kuti a bomawo adutsa pa mlatho uti. Nkhani inathera pomwepo, popanda amene ananena kuti wavomera.

Anadula mitengo ya mphanda. Paipi itayamba kutuluka m'dzenje, yaitali ndi yopindika ngati nsungwi yaiwisi, amuna ankailandira ndi mphandazo mmodzimmodzi n'kumayenda nayo chakubwalo la mpira kuti isathyoke. Mng'alu anaupeza pafupi ndi kumunsi, wotalika ngati chala. Fainess anadula ndi sowo mbali zonse. Anakoleza moto wa zitsononkho, nayamba kuzunguza kumapeto kwa paipi pamwamba pa makala. A Sitima, ali pampando wa ana asukulu, ankamuuza kuti ayandikize. A Bashiri ankamuuza kuti pang'onopang'ono. Iye anamvera onse awiri nthawi imodzi, ndipo paipi inada n'kukwinyika ngati chikopa. Anadulanso pamene panapsapo. Ulendo wachiwiri anawapempha akuluakuluwo, maso ali pansi, kuti amusiye kaye. Anazunguza mpaka anaona pulasitiki ikuyamba kunyezimira, analowetsa chidutswa china, ndipo pakamwa pa paipi panatseguka bwino. Anapaka guluu uja, amene anali atayamba kulimba ngati phala la dzulo, n'kulumikiza.

Panatsala funso la kudikira. Mayi Rozaria anaphunzitsa kuti guluu azigona tsiku lathunthu. A Sitima anati nthawi yosuta fodya mmodzi yakwana. A Bashiri anati adikire mpaka iwo akapemphere n'kubwerako, anthu achepeko. Fainess anakhala pansi pafupi ndi paipiyo. Anali atatopa moti sakanatha kugwira chingwe chotsitsira paipi. Anadikira mpaka mphamvu zake zitabwerera, ndipo nthawi imeneyo sinali ya mphunzitsi aliyense. Dzuwa litapendeka anabwezera paipi, ndodo ndi mutu wa mjigo. Aliness ndiye anayamba kupopa. Madzi anabwera ofiira, kenako otuwa, kenako oyera ndi amphamvu. Azimayi anandandalika ndowa popanda zambiri. Fainess anapita kukagona m'kalasi dzuwa likadalipo, osadya.

Mjigowo unatumikira msasawo mpaka anthu atayamba kubwerera m'midzi. Kenako unayambanso kufooka. Msewu utatseguka, mayi Rozaria anafika ndi masoketi ndi guluu watsopano. Anazulanso paipi, ndipo pamene pankadontha panali pomwe Fainess anawotcha paja. Mayi Rozaria anamudzudzula pamaso pa komiti ndi aphunzitsi a pasukulupo. Ananena kuti paipi ikanaduka n'kugwera pansi pa dzenje, sukulu ikanataya mjigo wonse chifukwa cha zongopeka. Fainess anangoti zikomo. Anathandiza kulumikiza mwatsopano, akuganiza kuti ntchito yake yathera pomwepo.

Atamaliza, anawaperekeza kunjinga yawo. Akumanga chipewa, mayi Rozaria anamuuza kuti bungwe likufuna munthu woyang'anira mijigo ya dera lonselo, poti a Sitima sangathenso kuyenda mitunda, ndipo iwo apereka dzina lake. Fainess anaganiza kuti sanamve bwino. Anafunsa chimene chinkamuvutitsa nthawi yonseyo, kuti tsiku lija pafoni ananena chiyani.

"Ndinati musawotche."

Mayi Rozaria anayang'ana makalasi amene makoma ake anali akadali ndi utsi wa anthu othawa madzi.

"Koma ndikanakhala pano, ndikanawotcha."

Anayatsa njinga n'kumapita. Fainess atawafotokozera a Sitima za kudonthako, iwo anati vuto linali guluu wakale wa a Bashiri. A Bashiri anati vuto linali moto wa a Sitima. Dyson anati mwina unali mchenga.

Mwendo wa a Sitima sunachire bwino. Mwana wawo wamkazi anawatenga kukakhala nawo kumidzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi. Pochoka anamusiyira Fainess ngowe yawo yovuulira zinthu zogwera m'dzenje, n'kumuuza kuti asamabwereketse. Iye amapitabe kukawaona akakhala ndi mjigo womuvuta, ndipo amamuyankha asanamalize kufotokoza, nthawi zina molondola. Makutu ake a Fainess anatsegukako pang'ono. Tsiku lina anamva kaphokoso kopuma mkati mwa mjigo wina, anatsegula, napeza mphira yong'ambikadi, ndipo anayenda sabata yonse mutu uli m'mwamba. Mwezi wotsatira anamvanso kaphokoso komweko kwina, anamasula zonse komiti ikuonerera, n'kupeza chilichonse chili bwinobwino. Anabwezera mwakachetechete. Wapampando anamuthokoza kuti madzi akukoma kuposa kale.

Chaka chathachi pamsika paja anaikapo thanki yaikulu pamwamba pa nsanja, yokoka madzi ndi mphamvu ya dzuwa, ndi mipopi inayi pansi. Anthu anayamba kunena kuti mijigo yopopa ndi manja ikupita kotha. Madzi atasiya kutuluka pamipopipo, anthu anathamangira kwa Fainess monga mwa chizolowezi. Iye anazungulira nsanjayo kawiri. Panalibe chogwirira, panalibe ndodo, panali bokosi lokha lokhala ndi timagetsi tothwanima. Anawauza kuti izi sazidziwa. A Bashiri anaimbira foni mdzukulu wawo Shakira, mtsikana amene anaphunzira za magetsi ku Blantyre, ndipo atabwera anamupempha kuti pogwira ntchitoyo azimuonetsa make Madalo.

Shakira anali waulemu koma wachangu. Anatsegula bokosilo, anatchula mayina angapo a Chingerezi, n'kumuuza Fainess kuti apa zonse zimene amadziwa aziike kaye pambali. Anamupatsa kachipangizo kokhala ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Anamuonetsa poyenera kugunditsa, ndi pena pamene anati asadzayerekeze kukhudza ngakhale zitavuta bwanji. Malo awiriwo anali oyandikana, ndipo ankaoneka ofanana. Fainess asanapemphe kuti amuonetsenso, foni ya Shakira inalira, ndipo mtsikanayo anapita nayo kuseri kwa sitolo akulankhula.

Fainess anatsala ataima kutsogolo kwa bokosilo, waya wofiira kudzanja lamanja, wakuda kumanzere, manja atawatalikitsa kuti zisakhudzane. Dzuwa linali likuwotcha. Mayi wina wogulitsa tomato anafika ndi ndowa, anaiika pansi pa mpopi wouma, n'kufunsa ngati madzi atuluke lero.

"Khalani kaye pamthunzipo, mayi," anatero Fainess. "Aphunzitsi akubwera."